Kusuntha Malire a Injini ya Turbo: Ufulu wa Mwini Galimoto ndi Udindo Wake

Injini ya turbo imachoka kufakitale ili ndi mphamvu zina zimene opanga ake anazitsekera dala. Turbo ndi timagudumu tiwiri ta mapeni tolumikizidwa pa kachitsulo kamodzi. Utsi wotentha wotuluka m'injini umazunguza kagudumu koyamba, ndipo kachiwiri kamakoka mpweya wakunja n'kumaukankhira m'masilinda mokakamiza. Mpweya ukachuluka m'silinda, petulo woti apsere limodzi nawo amachulukanso, mphamvu n'kukwera. Mpweya wowonjezerawo amakaniko amautcha boost, ndipo amauyeza mu bar kapena mu psi. Bar imodzi ndi psi pafupifupi 14.5, mlingo woyandikana kwambiri ndi mmene mpweya wa m'mlengalenga umapanikizira zinthu m'mbali mwa nyanja yamchere. Choncho injini yolandira boost ya bar imodzi imameza mpweya pafupifupi kuwirikiza kawiri umene ikanameza payokha. Nzeru imeneyi anailembetsa Alfred Büchi, injiniya wa ku Switzerland, mu 1905.

Turbo payokha sidziwa polekezera. Ikakankha mpweya wambiri utsi umachuluka, utsi ukachuluka imazungulira kwambiri n'kukankhanso wina wochuluka. N'chifukwa chake pamakhala wastegate, kachitseko kogwidwa ndi sipiring'i, kamene kamatseguka boost ikafika pa mlingo winawake n'kulola utsi wina kulambalala turbo. Kachitsekoko kamamva mlingowo kudzera m'kapaipi kakang'ono kobweretsa mpweya kuchokera ku turbo. Boost controller yamagetsi, yogulidwa padera, imalowerera pa kapaipi komweko. Ili ndi valavu yotchedwa solenoid imene imatseka ndi kutsegula kambirimbiri pa sekondi imodzi, n'kumabisira wastegate gawo la mpweya umene ulipo. Kunena mosapsatira, ntchito yake ndi kunamiza wastegate kuti boost ikadali pansi. Kachitseko kamachedwa kutseguka, boost n'kukwera.

Timabokosi totere amapanga ndi makampani monga HKS, GReddy, A'PEXi ndi Blitz a ku Japan, komanso Turbosmart ya ku Australia. Tina timangotsatira nambala imene mwini waika. Tina timawerenga sensa n'kumadziwongolera tokha kuti boost ikhale pa mlingo wofunidwa, ndipo tina timasintha mlingowo malinga ndi giya imene galimoto ilimo. Kabokosi kangakweze boost kupitirira mphamvu ya sipiring'i, koma sikangaitsitse kuchepera pamenepo. Pa kalumikizidwe kofala, solenoid ikathimitsidwa imasiya kubisa, ndipo boost imagwera pa mlingo wa sipiring'i. Mfundo yaing'ono imeneyi ndi imene chitetezo chonse cha makina oterewa chatsamirapo.

Vuto la boost yambiri ndi kutentha. Mpweya ukapanikizidwa umatentha, ndipo m'silinda yotentha kwambiri gawo lina la petulo limaphulika lokha moto wa pulagi usanalifike. Amakaniko amati injini ikugogoda. Kugogoda kukanyanya kumaswa m'mbali mwa pisitoni momwe mumakhala maringi, kumasungunula pamwamba pa pisitoni, kapena kuphulitsa gasiketi. Njira imodzi yozimitsira kutenthako ndi kupopera madzi osakaniza ndi methanol mu mpweya wolowa m'injini. Methanol ndi sipiriti wapoizoni, wosiyana ndi ethanol wochokera ku nzimbe amene ku Malawi anayamba kusakaniza ndi petulo mu 1982. Kuti madzi okwana kilogalamu imodzi asanduke nthunzi amayamwa kutentha kwa ma kilojoule pafupifupi 2,260, methanol pafupifupi 1,100, pamene petulo amangoyamwa cha m'ma 350. Madzi ndiwo aziziritsa kwambiri, ndipo methanol amawonjezera mafuta osaphulika msanga. Ndege zankhondo za ku Germany monga Messerschmitt Bf 109 zinkagwiritsa ntchito msanganizo wotere, wotchedwa MW 50, kuti zipeze mphamvu zapadera kwa mphindi zochepa.

M'galimoto ya masiku ano makinawa amaoneka chonchi: kathanki m'buti, pampu pambali pake, paipi yopyapyala yodutsa pansi pa galimoto, ndi nozulo yomangidwa pa paipi ya mpweya patsogolo pa injini, ya kabowo kakang'ono kwambiri kotulutsa nkhungu. Kabokosi kolamulira, monga ka Snow Performance, AEM kapena Aquamist, nthawi zambiri kamafuna manambala awiri: boost imene kupopera kuyambire, ndi boost imene kupopera kufike pachimake. Pakati pa manambala awiriwo kamakweza mphamvu ya pampu pang'onopang'ono.

Funso la nzeru zakuya limabuka pa mpata umene uli pakati pa zimene injini imachita ikachoka kufakitale ndi zimene ingathe kupirira. Kodi mpata umenewo ndi chuma cha mwini galimoto chimene wopanga anangomubisira, kapena uli ndi ntchito yake? Ndipo munthu akaudya mpatawo, wasenza chiyani?

Yankho loyamba limaima pa umwini. Munthu anagula galimoto ndi ndalama zake, zitsulo zonse ndi zake, ndiye ndani angamuletse kuzigwiritsa ntchito mpaka pamene zingafike? John Stuart Mill, m'buku lake la 1859 lonena za ufulu, anaphunzitsa kuti munthu wamkulu angaletsedwe kanthu pokhapokha ngati kakuvulaza ena, osati chifukwa choti ena akuona kuti akudzipweteka yekha. Pa mfundo imeneyi, amene wasungunula pisitoni yake wadziwonongera yekha ndalama, ndipo nkhani yathera pompo. Yankholi lili ndi mphamvu chifukwa malire a kufakitale si onse amene anaikidwa poganizira zitsulo. Kuyambira cha mu 1989 mpaka 2004 makampani a ku Japan anagwirizana kuti asamalengeze galimoto yopitirira mahosipawa 280 m'dziko mwawo. Nissan Skyline GT-R ya 1989, ya injini ya malita 2.6 ndi ma turbo awiri, inagulitsidwa ndi nambala imeneyo ngakhale kuti injini yake inapangidwira mpikisano ndipo inkatha kupirira zambiri. Palinso makampani amene amagulitsa injini imodzimodzi pa mitengo iwiri, kusiyana kwakukulu kuli pa pulogalamu ya m'kompyuta. Ndipo mu 2015 zinaululika kuti Volkswagen inaika m'magalimoto a dizilo pafupifupi 11 miliyoni pulogalamu yonamiza oyeza utsi. Amene amati mawu a wopanga ndi lamulo losafunsidwa sanaione bwino mbiri imeneyi.

Komabe yankho loyambali limaona mpata wonse ngati mphamvu zongogona, pamene mbali yaikulu ya mpatawo ili pa ntchito. Wopanga galimoto sadziwa kumene galimoto yake ikathere. Imodzi idzayenda ku Sweden m'chisanu, ina m'chipululu masana dzuwa likuswa mtengo. Ina idzakhala ku Johannesburg, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, kumene mpweya ndi wopepuka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu, kotero kuti turbo imazungulira kwambiri kuti ifike pa mlingo womwewo, ndiponso kumene petulo wa 93 amagulitsidwa pambali pa wa 95. Ina mwini wake adzachedwa kusintha oyilo, ina mapulagi ake adzakalamba. Mpatawo uli ngati chimanga chimene mlimi amasiya pansi pa nkhokwe: chaka chabwino chimaoneka ngati chongowonongeka, koma sanachisiyire chaka chabwino. G. K. Chesterton analemba mu 1929 za munthu wopeza mpanda wodutsa pamsewu. Langizo lake linali lakuti amene sakuona ntchito ya mpandawo asauchotse, ayambe wakafufuza chifukwa chimene unamangidwira, ndipo akachidziwa ndi pamene angaloledwe kuugwetsa. Langizoli sililetsa kusintha. Limangoika chidziwitso patsogolo pa sipanala.

Ndiye kuti wokweza boost sachotsa malire. Zitsulo zili ndi malire ake enieni, ndipo amenewo sasuntha. Chimene iye wachita ndi kuyandikira malire enieniwo n'kulonjeza kuti zimene mpata unkatchinga azitchinga yekha: azithira petulo wabwino nthawi zonse, aziyang'ana mageji, azidzaza kathanki. Wasinthanitsa mpata ndi tcheru. Malonda amenewa si opusa mwa iwo okha, chifukwa munthu wodziwa galimoto yake imodzi, msewu wake ndi malo ake omwetsera mafuta amadziwadi zimene fakitale sinakanatha kudziwa. Funso n'lakuti tcheru la munthu n'lodalirika mpaka pati.

Mbiri inayankhapo kale funso limeneli. Mu 1962 kampani ya General Motors inatulutsa Oldsmobile Jetfire, imodzi mwa magalimoto oyambirira a turbo ogulitsidwa kwa anthu wamba. Injini yake inali V8 ya aluminiyamu ya malita 3.5, yotulutsa mahosipawa 215. Mainjiniya anasiya kapanikizidwe ka m'silinda pa 10.25:1, kokwera kwambiri kwa injini ya turbo ya nthawi imeneyo, ndipo pofuna kupewa kugogoda anaika kathanki ka madzi ndi methanol, msanganizo umene ankaugulitsa ndi dzina lakuti Turbo-Rocket Fluid. Kathanki kakauma, makina otetezera ankachepetsa boost kuti injini isawonongeke. Pa pepala zonse zinali bwino. Koma eni magalimoto ambiri ankaiwala kudzaza kathankiko, kenako n'kubwerera kwa ogulitsa akudandaula kuti galimoto yafooka. Jetfire inatha patangopita zaka ziwiri, itagulitsidwa yosafika 10,000, ndipo pambuyo pake kampaniyo inadzipereka kuchotsa turbo pa magalimoto a amene akufuna n'kuikapo kabuleta wamba. Chimene chinalephera kwambiri sichinali chiphunzitso cha madzi ndi methanol, chimene chimagwirabe ntchito mpaka lero, koma chiyembekezo chakuti munthu wamba azikumbukira ntchito imodzi yowonjezera kwa zaka zambiri.

Aristotle anasiyanitsa luso lopangira zinthu ndi nzeru yodziwa chochita pa nthawi yake. Luso limadziwa kukweza boost kuchoka pa bar 0.8 kufika pa 1.3. Nzeru ija ndi imene imafunsa ngati kukwezako n'koyenera pa injini iyi, ndi petulo uyu, m'manja mwa munthu uyu. Kusiyana kumeneku kumaonekera bwino pa mmene anthu amagwiritsira ntchito methanol. Ena amapopera popanda kusintha pulogalamu ya injini, kotero kuti methanol amangowonjezera mpata, ndipo akatha injini imabwerera pamene inali. Ena amakweza boost n'kusunthira patsogolo nthawi yoyatsira mapulagi mpaka pamene injini singakhalenso moyo popanda kupopera. Mphamvu zambiri zili ku njira yachiwiriyi. Komatu kumeneko kachitsotso kotseka nozulo, paipi yothothoka kapena fyuzi ya pampu yopsa zingathe kumaliza injini m'masekondi ochepa, dalaivala asanamve n'komwe kuti china chake chavuta. Tcheru la munthu silingathamange liwiro limenelo.

Apa ndi pamene timabokosi tiwiri tija timalumikizidwa. Kolamulira methanol kamayang'ana sensa ya m'thanki ndi sensa yoyeza madzi odutsa m'paipi. Kakaona kuti madzi sakuyenda mmene anayenera, kamathimitsa solenoid ya boost kapena kuuza kompyuta ya injini kuti ibwerere ku pulogalamu yofatsa, ndipo boost imagwera pa sipiring'i dalaivala afune asafune. M'nthano ya Agiriki, Odysseus anafuna kumva nyimbo za zolengedwa zimene zinkakopa amalinyero n'kuwaphetsa. Anauza anyamata ake kuti atseke makutu awo ndi phula, iye amumangirire ku mlongoti wa ngalawa, ndipo asamumasule ngakhale atachonderera. Jon Elster anatenga nthanoyi mu 1979 pofotokoza munthu amene amadzimanga lero chifukwa sakudzikhulupirira mawa. Woika chitetezo chotere pa galimoto yake akuvomereza zomwezo: kuti tsiku lina adzaiwala, kapena adzaona nyali yofiira phazi lili pansi n'kunena kuti amalize kaye kupitirira lole ili kutsogoloyo. Ena amaona kudzimanga kotere ngati kutaya ufulu umene anagulira kabokosi. Kuona kwake koyenera n'kwakuti ndi ufulu womwewo wogwiritsidwa ntchito munthu ali phee m'galaja, mutu uli wozizira. Opanga magalimoto nawonso anatsata njira imeneyi. Saab inayamba mu 1982 kuika makina otchedwa APC, omvetsera kugogoda n'kutsitsa boost okha. BMW M4 GTS ya 2016 inali ndi thanki ya madzi ya malita 5 m'buti, ndipo madziwo akatha kompyuta inkachepetsa mphamvu.

Kungakhale kulakwitsa kuganiza kuti udindo wasamukira m'kabokosi. Lisanne Bainbridge anasonyeza mu 1983 kuti makina odziyendetsa okha amasiyira munthu ntchito zovuta kwambiri, zimene wopanga makinawo analephera kuziganizira, kwinaku akumuchititsa kuti asiye kuyang'anitsitsa. Kabokosi kamaopa zokhazo zimene kanauzidwa kuti kaziopa. Sensa ya m'thanki imadziwa kuti madzi alimo, koma sidziwa kuti nozulo yatsekeka. Sensa ya m'paipi imadziwa kuti china chake chikuyenda, koma sidziwa ngati ndi msanganizo woyenera kapena madzi okhaokha a pampopi, ndipo mwina singazindikire kuti akuthera pansi pa galimoto. Valavu ikakanirira yotseguka, madzi amatha kudontha m'injini yozima, ndipo poti madzi sapanikizika, kuliza injiniyo kungapinde ndodo ya pisitoni. Malire onse amene kabokosi kakulondera analemba ndi munthu, sipiring'i anasankha ndi munthu, ndipo ngati anasankha yolimba kwambiri, boost yogwerako idzakhalabe yoopsa. Kabokosi sikangayamikiridwe kapena kudzudzulidwa, chifukwa sikasankha kanthu. Chimene chasintha ndi nthawi imene udindo umagwiridwa: wachoka pa mphindi ya ngozi n'kupita pa tsiku lomanga ndi kuyesa makinawo.

Zonsezi zikunena za injini, ndipo pamenepa mfundo ya Mill ikanakwanira. Koma chitetezo cha m'timabokosi timeneti chimateteza pisitoni, osati munthu wowoloka msewu. Mabuleki, matayala ndi kilachi anaziyeza pa mphamvu za kufakitale. Mphamvu imene mabuleki ayenera kuimitsa imakula mowirikiza liwiro ndi liwiro lomwelo, moti galimoto yothamanga makilomita 170 pa ola ili ndi mphamvu yowirikiza kawiri ya yothamanga 120. Sam Peltzman ananena mu 1975 kuti anthu akamva kuti ndi otetezeka amayendetsa mosasamala kwambiri. Akatswiri amatsutsanabe za kukula kwa khalidwe limeneli, koma n'zosavuta kuona mmene lingalowere pano: amene akudziwa kuti injini yake singaphulike alibenso chimodzi mwa zifukwa zimene zinkamuchotsetsa phazi. Methanol nayenso ali ndi zoopsa zake kwa ena. Akalowa m'thupi amasanduka asidi wowononga mitsempha ya maso, ndipo wochepa chabe angachititse khungu kapena kupha. Wosasungunula akayaka masana moto wake suoneka bwino, monga zinachitikira Rick Mears pa mpikisano wa Indianapolis 500 mu 1981, pamene anapsa anthu omuzungulira asakuona malawi.

Malamulo a Mose anaganizirapo za chuma cha munthu chimene chingavulaze mnzake. Eksodo 21 imasiyanitsa ng'ombe yogunda munthu mwadzidzidzi ndi ng'ombe imene mwini wake ankadziwa kale kuti imagunda koma osaitsekera. Pa yoyamba mwini alibe mlandu, pa yachiwiri mlandu ndi wake. Deuteronomo 22 imalamula womanga nyumba kuika kampanda padenga kuti wina asagwe. Nyumba ndi yake, koma wogwayo angakhale mlendo. M'malamulo awiriwa mlandu umakula pamodzi ndi chidziwitso, ndipo wokweza boost sanganene kuti sankadziwa, popeza kudziwa ndi kumene anaimapo podzipatsa ufulu wosuntha malire. Choncho mfundo imene imamulola kusintha injini ndi yomweyo imene imamumanga kuti akonzenso mabuleki ndi matayala, ndiponso kuti mphamvu zonsezo akaziyesere pa bwalo la mpikisano, kumene aliyense wolowamo anavomera yekha ngoziyo.

Malamulo a mayiko amatsata maganizo omwewa, lililonse m'njira yake. Ku Germany kusintha kokweza mphamvu za injini kumafuna kuvomerezedwa ndi oyeza magalimoto monga TÜV n'kulembedwa m'mapepala a galimoto. Ku Britain mwini ayenera kuuza kampani ya inshuwalansi za zimene wasintha, apo ayi angakanidwe chipukuta misozi. Ku United States lamulo la Clean Air Act limaletsa kusokoneza zipangizo zochepetsa utsi, pamene lamulo la Magnuson-Moss la 1975 limateteza mwini kuti waranti yake isafe chifukwa chongoika chipangizo cha kampani ina, pokhapokha ngati chipangizocho n'chimene chawononga. Palibe mwa malamulowa limene limati munthu asakhudze galimoto yake. A ku Germany ndi a ku Britain amafuna kuti kusinthako kudziwike kwa amene kukuwakhudza.

Munthu womaliza kukhudzidwa ndi wogula galimotoyo pambuyo pake. Kabokosi ka boost ndi kathanki ka methanol zimachotsedwa tsiku limodzi, mabowo n'kutsekedwa, galimoto n'kuoneka ngati sinakhudzidwepo. Kutopa kwa mapisitoni, ma bearing ndi giyabokosi sikuchoka nazo. Choipa kwambiri ndi pamene pulogalamu yodalira methanol yatsala m'kompyuta kathanki katachotsedwa, chifukwa injini yotero imagogoda pa petulo wamba nthawi iliyonse dalaivala akaponda kwambiri. Magalimoto ambiri ogwiritsidwapo kale ntchito amachoka ku Japan ndi ku Britain kupita ku mayiko ena, kuphatikizapo a kum'mwera kwa Africa, kumene wogula saonana ndi mwini woyamba ndipo petulo ndi nyengo n'zina. Lonjezo la tcheru limene mwini woyambayo anapanga silingapite kwa munthu amene sanauzidwe kuti lilipo. N'chifukwa chake wogulitsa galimoto yosinthidwa ali ndi njira ziwiri zokha zoona mtima: kubwezeretsa pulogalamu ndi zipangizo za kufakitale n'kunena kuti galimotoyo inayendapo ndi boost yokwera, kapena kuipereka ndi zonse zili pomwepo, pamodzi ndi manambala amene anaikidwa, msanganizo wofunika m'kathanki ndi mtundu wa petulo umene injiniyo inayesedwera.